Boma Linasowa Munthu Amene Linamutsekera

Ndinachoka kwathu chaka chimene mvula inabwera mochedwa n'kupita msanga, ngati mlendo amene wamva kuti m'nyumba muli chifuwa. Sukulu ndinali nditaisiya kale, kapena ndinene kuti tinangosiyana, popanda wolira mbali zonse ziwiri. Mng'ono wanga Yotamu ananditsatira. Iye anali munthu wa phee, woti mungagone naye chipinda chimodzi mwezi wathunthu osadziwa kuti mawu ake ndi aakulu kapena aang'ono. Pakamwa pa banja lonse anapatsa ine.

M'tauni yoyamba tinkagulitsa nsapato za kaunjika. Mwini benchi anatiphunzitsa kuika nsapato imodzi poyera, inzake kubisa m'thumba, kuti wakuba akaba azikavina ndi mwendo umodzi. M'tauni yachiwiri tinkasenza matumba a anyezi, ndipo ndinaphunzira kuti munthu wonunkha anyezi safunsidwa chiphaso, apolisi amangomukankha kuti adutse. Matauni ena sindiwakumbukira bwino. Onse anali ndi depoti, msika, ndi mayi wogulitsa tiyi wofanana ndi mayi wa tauni yapitayo, kungosiyana duku. Tinawoloka malire angapo, ena pamlatho, ena pansi pa tenti ya lole. Kenako tinawoloka madzi aakulu ndi mapepala amene anatha mphamvu njala yathu isanathe.

Dziko limene tinafikako ndi lozizira. Chisanu chake chimagwa choyera ngati ufa, koma ndi ufa wosaphikika. Kumeneko tinapeza anthu akwathu ali ndi bungwe lawo la maliro, ndi tcheya wawo, a Dzonzi, bambo amene ndikukhulupirira kuti amasamba atavala jekete. Tinapezanso Elifala. Ameneyu ndi wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo mkulu wake anakwatira mwana wa amalume athu, choncho tinkaitanana kuti alamu. Ankayendetsa kagalimoto konyamula antchito kupita ku fakitale yophera nkhuku, komwe ine ndi Yotamu tinkagwira ntchito. Anali wokoma pakamwa kuposa ine, ndipo chimenechi sindinamukhululukire kuyambira tsiku loyamba.

M'mawa wina, tsiku langa lopuma, Elifala anagogoda pakhomo. Malaya ake anali ndi magazi, pakamwa pakununkha mowa wa dzulo umene sunagone.

"Alamu, tandibwerekani malaya."

"Mwapha mbuzi ya yani m'mawa uno?"

"Ndagwa pamasitepe. Musandiseke."

Ndinamuseka. Ndinamupatsa malaya, ndinamuthirira tiyi, anamwa akuuzira bwinobwino. Nthawi yonseyo Yotamu anali m'ngalande, m'mbali mwa msewu wa kuminda, galimoto ya Elifala itagubuduzika pambali pake. Madokotala anati ngoziyo payokha sikanamupha. Anathyoka mwendo ndi nthiti basi. Chinamupha ndi chisanu, pang'onopang'ono, ali yekhayekha, foni ya Elifala ili m'thumba la Elifala. Akanaimbira ambulansi kukanabweranso apolisi, ndipo apolisi akanafunsa mapepala n'kumununkhiza pakamwa.

Apolisi anamugwirabe. Anamutsegulira mlandu, ndipo patapita masiku anatuluka pa belo kudikira tsiku la bwalo.

Mtembo tinautumiza kumudzi kudzera m'bungwe. Ine sindinapite nawo, chifukwa wopanda mapepala akatuluka m'dziko lija salowanso. Loya wa boma, mayi wa imvi ndi maso otopa, anandiuza mosabisa kuti, "Inu ndinu mboni. Malaya a magazi anavulira m'nyumba mwanu. Mukachoka, mlandu wagwa."

Kwathu pamaliro pamaima munthu wofotokoza mmene malemu ayendera: anayamba liti kudwala, tinathamangira nawo kuti, anatsirizikira m'manja mwa yani. Anthu samwazikana bwino asanamve zimenezo, ndipo mayi wa mwana sagona. Pamaliro a Yotamu panalibe woima. Amalume anandiimbira foni atabwera kumanda.

"Tangonena kuti ngozi, mphwanga. Zambiri uli nazo ndiwe."

"Amalume, si ngozi chabe. Amene ankayendetsa ndi..."

"Khala chete! Dzina la munthu wa pachibale silitchulidwa pafoni. Ukufuna midzi iwiri iyake moto iwe uli kutali ukuwotha magetsi? Bwalo ligamule kumeneko, ubwere ndi chigamulo, udzakhale pamkeka, uwauze alongo anga pamaso."

Amayi makutu anali atayamba kale kugontha, choncho foni ankagwira ndi amalume. Ndinangomva mawu awo chapatali, ngati akuchokera m'chitsime: "Mumuuze kuti ndikudikira. Ndikufuna ndimve kuti mwana wanga anapita bwanji."

Chimene ndinatsalira m'dziko lija ndi chimenecho. Ndinkafuna Elifala aime m'bwalo, woweruza anene mokweza zimene anachita, ine ndinyamule mawuwo ndikawatule pamaso pa amayi, pasakhale wondiuza kuti ndikunamizira mlamu wanga.

Koma dziko lija lili ndi maboma awiri, ndipo palibe anatiuza. Kwathu boma ndi limodzi. Wapolisi ndi boma, woweruza ndi boma, wobaya agalu katemera nayenso ndi boma, ndipo onse amadziwana mpaka akazi awo. Kuja kuli boma laling'ono, la chigawo, loweruza akuba ndi opha anzawo. Kulinso boma lalikulu, loona za malire ndi mapepala. Amapachika mbendera imodzi koma sapatsana moni.

A Dzonzi anakumana ndi Elifala m'sitolo akugula soseji. Lamlungu lake anaitanitsa msonkhano wa bungwe.

"Abale anga, munthu wapha mnzake ndiye akuyenda m'tauni kusankha soseji? Bwalo ili lachepa nawo mlanduwu. Kwathu mlandu ukakanika pansi timatani?"

"Timapita nawo kwa akuluakulu!" anayankha amayi a kumbuyo.

"Ndiye tipita nawo."

Ine ndinati, "A tcheya, kwa akuluakuluko mukudziwako ndani? Kapena jekete ndi imene ikakulankhulireni?"

Anthu anaseka. A Dzonzi anati nthabwala pa imfa ya mng'ono wako ndi matenda ofunika mapemphero. Pagulu lonse iwo okha ndiwo anali ndi mapepala athunthu, choncho anamanga tayi n'kupita ku ofesi ya imigireshoni, ya boma lalikulu, kukanena kumene Elifala amagona ndi kuti alibe chilolezo chokhala m'dzikomo. Anabwerako akumwetulira ngati munthu amene wapeza malo abwino pa ukwati.

"Ndamupereka m'manja mwa eni dziko. Kumeneko kulibe belo."

Ankanena zoona. Kunalibe belo. Kunalibenso amene anamvapo dzina la Yotamu.

Tsiku la mlandu ndinafika m'bwalo nditasita. Munali mabenchi osalala, mbendera, ndi womasulira, bambo wa dziko loyandikana ndi lathu amene Chichewa chake chinali chopindika ngati msomali wozulidwa. Kalaliki anaitana dzina la Elifala. Tonse tinayang'ana mpando wa woimbidwa mlandu. Mpandowo unali bwino, wa khushoni, wopanda munthu. Loya wa boma anaimirira n'kunena kuti woimbidwa mlandu ali m'manja mwa boma lalikulu, ndipo anawapempha kuti abwere naye.

"Anayankha?" anafunsa woweruza.

"Sanayankhe, bwana."

Anatiuza kuti tidzabwerenso. Ndinatuluka n'kubwerera ku nkhuku zanga.

Tinabweranso chisanu chitasungunuka. Mabenchi omwewo, mbendera yomweyo, womasulira atameta ndevu. Ulendo uno anapachika kanema pakhoma, akuti Elifala aonekera mmenemo ali kumene amusunga. Kanema anayaka. Tinaona chipinda choyera, tebulo, ndi mpando. Mpando umenewonso unalibe munthu. Tinauyang'ana kwa nthawi, ife ndi woweruza, ngati tikuyembekeza kuti ulankhula. Kenako munalowa bambo wamtali wa ndevu, amene sindinamuonepo chibadwire. Anakhala pansi, anatiyang'ana, n'kuyamba kulankhula chilankhulo chake mofulumira, misozi ikutsika. Panalibe womumva. Anatambasula manja kuonetsa msinkhu wa mwana. Kalaliki anazimitsa kanema.

Tinabweranso masamba a mitengo atayamba kufiira. Mabenchi omwewo, koma woweruza anali wina, wachinyamata, wofuna kuonetsa kuti sanabwere kudzasewera. Dzina linaitanidwa. Mpando unayankha monga mwa masiku onse. Woweruza anamenya patebulo n'kulamula kuti popeza woimbidwa mlandu wajomba kubwalo, apolisi amufunefune paliponse ndipo amangidwe.

Ndinaimirira. "Bwana, amangidwe kangati munthu mmodzi?"

Womasulira anandikoka malaya. "Zimenezo ine sindimasulira, mudala. Nkhalani pansi."

Panja ndinamupeza loya wa boma akusuta fodya pafupi ndi bini.

"Mayi, tandithandizeni, sukulu yanga ndi yochepa. Boma likufunafuna munthu amene boma lamutsekera?"

"Ndi maboma awiri."

"Alibe mafoni?"

"Ali nawo. Ine ndikufuna munthuyo akhale kuno ayankhe mlandu. Iwo akufuna achoke m'dziko. Makiyi ali ndi iwo."

"Nanga bwanji osangopita kukamutenga? Ngati ndi galimoto, ya Elifala ilipo, ikungofunika kuwongola."

Sanaseke. Anazimitsa fodya n'kunena kuti ngakhale akanafuna kupita, Elifala anali atasamutsidwa kale kupita kuchigawo china, kumene lamulo la woweruza wathu ndi pepala wamba.

Ndinamutsatira Elifala. Musandifunse kuti ndinkaganiza chiyani. Ndinkangoona ngati ndikakhala pafupi ndi mpanda umene ali, mlandu sungazizire.

Tauni yoyamba inali ya fumbi ndi dzuwa. Kunja kwake kunali nyumba zazitali zopanda mawindo, mpanda wa waya, ndi benchi pafupi ndi geti. Kulowa sindikanatha, chifukwa pageti amafunsa mapepala, ndipo ine ndikanalowa ngati mlendo n'kugona ngati mwini nyumba. Ndinapeza ntchito yothyola zipatso. Kapitawo anandiphunzitsa kuti chipatso chakupsa suchikoka, umangochipotoza pang'ono, chimabwera chokha. Ndinaganiza kuti milandu ili choncho. Ndinapotoza nyengo yonse. Nditapita pageti kukafunsa, mlonda anati dzina limenelo linachoka sabata yatha.

Tauni yachiwiri inali pakati pa minda ya tirigu. Nyumba zomwezo, waya womwewo, benchi lomwelo, kungoti ili linali lopakidwa penti wobiriwira. Ndinkasambitsa nkhalamba m'nyumba yosungira okalamba. Kumeneko ndinaphunzira kutembenuza munthu osamupweteka, ndi kuvomera dzina lililonse limene wakuitana nalo. Gogo wina ankanditchula dzina la mwana wake amene anafera kunkhondo, ndipo tsiku lililonse ankandifunsa kuti, "Kunali kozizira?" Ndinkati ayi, kunali kofunda. Ankagona.

Pabenchi la tauni imeneyo ndinkakhala ndi mayi wina wa dziko lina. Tinkamvana ndi Chingerezi chothyokathyoka, changa chothyoka mwendo, chake chothyoka msana. Mwana wake anali mkatimo. Anamunamizira kuba kuntchito, ndipo tsiku loti akadziyeretse kubwalo linamupeza ali kuseri kwa waya, bwalo n'kulemba kuti wathawa.

"Wanga akulilira bwalo," anatero mayiyo, "wako akulithawa. Ndipo mwina akugona chipinda chimodzi."

"Muuzeni wanuyo asamubwereke malaya," ndinatero.

Tauni yachitatu sindikudziwa ngati inali yachitatu. Inali ndi mtsinje wakuda ndi njanji. Ndinkameta anthu tsitsi kuseri kwa sitolo, ndipo ndinaphunzira kuti munthu ukamugwira mutu amakuuza zonse. Wina amene ndinamumeta anali wophika wa kuseri kwa waya. Anandiuza mbali ya mpanda kumene akaidi amawothera dzuwa masana.

Ndinamuona Elifala. Anavala yunifolomu ya mtundu wa lalanje, masaya atatuluka. Pakati pathu panali mawaya awiri ndi kanjira ka miyala.

"Alamu!" anakuwa. "Mwaonda bwanji! Akukumanani chakudya kunjako?"

"Inu ndiye mwanenepa."

"Amatidyetsa ngati nkhumba za Khirisimasi. Lowani mudzaone."

"Alamu, Yotamu ananena chiyani musanamusiye m'ngalande muja?"

Anayang'ana kumwamba, anakanda m'khosi. "Loya wanga anati ndisamalankhule za mlandu."

"Mlandu wake uti? Ulipo?"

Anamwetulira. "Inenso ndi zimene ndimafunsa, alamu."

Belu linalira, iwo analowa. Ine ndinabwerera kukameta mitu.

Foni ya loya wa boma inandipeza ndili ndi lumo m'manja. Mawu ake anali otopa kuposa kale.

"Amukweza ndege dzulo. Sanatiuze. Ndamva lero."

"Wapita kuti?"

"Kwawo."

"Mayi, kwawo ndi kwathu."

Iye anati mlandu autseka mpaka woimbidwa mlandu atapezeka, ndipo lamulo loti amangidwe likadalipo ngati angadzapondenso m'chigawo chawo.

"Tikiti wamugulira ndani?"

"Boma."

"Lalikulu kapena laling'ono?"

"Pepani kwambiri," anatero, n'kudula.

Ndinaganiza zokadzipereka ndekha kuti nanenso andikweze ulere. Wophika uja anandiletsa. Anati mzere ndi wautali, anthu amakalambira mmenemo, ndipo amene amafulumira ndi okhawo amene ali ndi mlandu. Ine ndinalibe. Ndinameta mitu nyengo ina yonse kuti ndipeze ndalama za ulendo. A Dzonzi ananditumizira uthenga woti Mulungu ndiye woweruza wamkulu. Ndinawayankha kuti asayerekeze kupitanso ndi tayi kumeneko, angamusamutsenso munthu. Amalume nditawaimbira anangoti, "Mlamu wako anafika bwino. Zina udzamva ukabwera."

Ndinabwerera chammbuyo, madzi aakulu, malire, madepoti. Mayi wa tiyi anali pomwe ndinamusiya m'tauni iliyonse, atakalamba pang'ono. Basi inanditsitsa pamsewu dzuwa lili paliwombo.

Nyumba ya amayi ndinaipeza ilibe udzu. Theka la denga linali ndi malata atsopano owala, theka linali mitengo yokha, ndipo pamwamba pake wina ankakhoma misomali. Amayi anali atachepa thupi. Anandigwira nkhope, anandinunkhiza ngati khanda, n'kuitanitsa mkeka. Amalume anabwera ndi mpando wawo. Ndinakhala pansi, ndinavula nsapato, ndinakonza pakhosi. Mawu ndinali nditawayala ndi kuwapinda m'matauni onse aja, ndipo ndinkadziwa poyambira.

"Amayi, ndabwera kudzakuuzani mmene Yotamu anayendera."

"Wati chiyani?"

"Za Yotamu, amayi!"

Anandigwira bondo. "Usadzivutitse, mwanawe, ndinamva kale. Elifala anabwera. Asanafike n'kwawo komwe anayamba wadzera kuno, anagwada pomwe wakhala iwepo, analira ngati mwana. Anandiuza zonse."

Ndinayang'ana amalume. Iwo ankayang'ana nkhuku. Amayi anapitiriza.

"Akuti galimoto inaterereka pa chisanu chija. Iye anamukoka mng'ono wako, anavula jekete yake n'kumufunditsa, anamugoneka pamiyendo pake. Anaitana anthu, koma azungu sanaime. Anamufungatira mpaka mapeto. Ndipo Yotamu, amene sankalankhula uja, analankhula. Anati, mukawauze amayi kuti sindinamve kuwawa." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ukudziwa kuti boma la kumeneko linamutsekera mnyamatayu chifukwa chokhala ndi mtembo mpaka apolisi kufika? Wina akanathawa. Chifikire maliro sindinkagona, mwanawe. Ndinkangomuona mwana wanga ali yekha patchire. Tsiku limene Elifala anandiuza kuti sanafe yekha, ndinagona mpaka dzuwa kundiwomba kumapazi."

Pamwamba nyundo inali italeka.

Amalume anaweramira kwa ine, analankhula motsitsa, podziwa kuti alongo awo sangamve. "Mphwanga, chigamulo wabwera nacho?"

"Ayi."

"Bwalo linati chiyani?"

"Linati munthuyo sakupezeka."

"Ndiye basitu."

"Mukunong'onezana chiyani?" anafunsa amayi. "Iwe, tsiku limenelo unali kuti? Mnzako akuvutika ndi mng'ono wako pamsewu, iwe unali kuti?"

"Ndinali kunyumba, amayi."

"Kunyumba! Kucheza, ndikudziwa. Pakamwa pako pamenepo." Anandimenya pang'ono paphewa, mosakwiya. "Malatawa wagula ndi iye. Akuti analonjeza Yotamu."

Ndinatsegula pakamwa. Ine amene ndinaseketsa apolisi a m'malire, amene ndinafunsa woweruza funso m'bwalo lake lomwe, ndinapeza lilime lili gwa ngati chikopa chouma. Nkhope ya amayi inali yosalala, ya munthu amene akugona bwino masiku ano. Zimene ndinanyamula ndikanazitula pamkeka paja, amayi akanabwerera kutchire kuja usiku uliwonse mpaka imfa yawo, ndipo mboni yanga ikanakhala mpando wopanda munthu wa kutsidya kwa nyanja.

"Alamu!" Mawu anachokera padenga. Elifala anasuzumira, misomali ili pakamwa, anailavulira m'dzanja. "Takulandirani! Mwayenda bwanji? Tandigwirirani makwererowa nditsike ndikupatseni moni wabwino."

"Pita ukamugwirire," anatero amayi. "Ndi ogwedera amenewo, angagwe mwana wa eni."

Ndinadzuka. Makwererowo anali a mitengo ya bulugamu, mwendo umodzi waufupi, atautsamiritsa pa njerwa. Pansi pake panali mulu wa miyala yotsala pa maziko, yosongoka. Ndinaika manja. Anayamba kutsika chafutambuyo, akuimba kamluzu, thupi lonse la chakudya cha boma lili pa manja anga. Njerwa ija inasuntha pang'ono. Ndinaimva ndi chala cha kuphazi.

"Mwagwira, alamu?"

Amayi ankatiyang'ana ali pamkeka, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa.

"Ndagwira," ndinatero.

Chidendene chake chinadutsa pafupi ndi mphuno yanga. Ndinagwira mpaka anaponda pansi.